Wailesi Kuseri kwa Golo

Lemba zonse, usachotsepo kanthu pofuna kumusungira ulemu. Ndi mwana wanga, ndinamubereka ndine.

Mwana wanga wachisambayu ndi wometa tsitsi. Kashopu kake kapanikizika pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa mafoni. Muli mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi la anthu amene sabwera kudzameta koma kudzamva nkhani. Amamutcha Wailesi. Kungoti wailesi yeniyeni ili ndi pozimitsira. Uyu anayamba kuyankhula mano asanamere ndipo mpaka lero sanapume. Munthu amalowa kuti amete ndevu, n'kutuluka makutu atatupa.

Ali ndi mwana wamkazi, mdzukulu wanga, amene amagwira pagolo mu timu ya ana. Anzake amati Nalimata, poti mpira ukafika m'manja mwake umamatirira. Loweruka lililonse m'mawa Wailesi ankatseka shopu, makasitomala akung'ung'udza, n'kukaima kuseri kwa golo. Osati kumbali kumene kumakhala makolo anzeru ayi. Kuseri kwenikweni, mphuno itagunda ukonde.

"Tuluka! Bwerera! Wagona kodi? Taona uyo!"

Tsiku lina kunagwa penate. Mwana waima, wapinda mawondo, maso ali pa mpira. Bambo ake aja: "Kumanja! Kumanja, mwana wanga!" Mwana anadziponya kumanja. Mpira unalowa kumanzere, mwapang'onopang'ono ngati nkhalamba ikukwera basi.

Pobwerera sanalire. Anangoima pakati pa njira n'kunena kuti, "Ababa, ine phazi lake ndinaliona, ndimadziwa kuti amenyera kumanzere. Musadzabwerenso."

Wailesi anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ine ndinayang'ana kumwamba kuti mwina kugwa matalala.

Kuyambira pamenepo woperekeza mwana kumpira ndinakhala ine, poti mayi ake ndi namwino, Loweruka amakhala kuntchito. Koma mwana wangayu shopu ankatsekabe, anazolowera. Ndiye apite kuti? Analowa kukhitchini, munthu woti sankadziwa n'komwe kuti anyezi amasendedwa. Ankatsamiritsa foni pa botolo la mafuta, mayi wina mufonimo akuphika, iye akutsatira m'mbuyo. Ankati mwana akakhuta mtima ufewa.

Tadya zinthu ife! Nkhuku yophikira m'malalanje. Mpunga wofiira psuu ngati wachita ngozi. Keke ya kaloti imene mphaka anangoinunkhiza n'kusamukira kwa aneba. Ndinamufunsa, "Kaloti wakulakwira chiyani kuti umutsekere mu keke?" Zina zinkakoma, ndisaname. Mbatata zake zowotcha ndi tchizi ndinatenganso kachiwiri, ndikunamizira kuti ndikusungira mpongozi wanga.

Tikakhala patebulo iye osadya, maso pa mwana.

"Zayenda bwanji, mayi?"

"Bwino."

"Wagwira ingati?"

"Ingapo."

Basi, yathera pomwepo. Kenako ankanditsatira kuchipinda. "Amayi, anadumpha bwanji? Magolovesi aja sakumuthina?" Ine ndidziwa bwanji? Ndimangoona ana akuthamangitsana m'fumbi. Koma bambo wandevu zake kumapemphetsa nyenyeswa za nkhani ya mwana wake yemwe, zinkandikhudza. Sindinamuuze, angatukumuke.

Loweruka lina mvula inangogwa chigwere, mpira unalephereka. Tonse tinadzazana kukhitchini. Iye ankayesa mapanikeke, timikate topyapyala tija umatiponya m'mwamba kuti titembenuke. Tsono ine ndinayamba kuphika iye kulibe, ndikanangoonerera bwanji? Ndinaima kumsana kwake.

"Moto wachuluka! Tembenuza! Ayi, dikira! Tsopano! Kodi manjawo ndi obwereka?"

Anaponya. Chinthu chija chinauluka n'kukagwera m'beseni la mbale zakuda, phava!

Anatembenuka, chiwaya chili m'manja. "Amayi! Ndimaona ndekha kuti chapsa! Munthu angagwire bwanji ntchito wina akumukuwira m'khosi?"

Nalimata anali pampando akusenda nthochi. Anasiya, n'kuwayang'ana bambo ake, nsidze zili m'mwamba. Wailesi anayang'ana mwana, anayang'ana chiwaya, kenako anayamba kuseka mpaka anakhala pa ndowa.

"Ndinali chonchi ine?"

"Agogo ali bwinoko," anatero mwana. "Awa sawaza malovu."

Panapita masiku. Lachisanu madzulo, akumanga zingwe za nsapato zake za mpira, ndi pamene anati, "Mawa mubwere. Koma mukhale pabenchi ndi agogo. Mukangoti 'kumanja', mubwerera ku mapoto anu."

M'mawa mwake Wailesi anakhaladi pambali panga, thumba la malalanje a ana lili pamiyendo. Anasenda onse masewera asanafike n'pakati pomwe, kenako anayamba kutafuna makoko. Mpira ukayandikira golo ankalira m'mphuno ngati ketulo. Chigoli chimodzi chinalowa pagolo la mwana, ndiye anandifinya dzanja moti chala ichi mpaka lero sichipinda bwino. Mayi wina kumbuyo anandinong'oneza, "Agogo, bambowa akudwala m'mimba?" Ndinati, "Asiyeni, ndi mawu akusowa potulukira."

Mpira utatha mwana anabwera, matope mpaka m'makutu. Anavula magolovesi n'kuwaponyera bambo ake pamiyendo.

"Nyamulani. Sabata yamawa tiyamba molawirira, musachedwe ndi ndevu za anthu."

Anawanyamula ndi manja awiri ngati mazira. Kunyumba tinapeza mapoto ali ozizira. Tinadya buledi ndi tiyi, iye akutifotokozera mpira umene tinaonera naye limodzi, kuyambira pa wezulo woyamba.