Mapepala Okulungira Usipa

Inu amene mayeso anakugwetsani, imvani za Sefu wa ku Malindi.

Mu 1981 Sefu analephera mayeso a Fomu 4. Chinamugwetsa ndi phunziro la kusanthula nkhani. Iye ankangoloweza mayina a anthu a m'buku, koma funso likati “chifukwa chiyani”, mutu unkaima. Anabwerera kwawo manyazi ali tho, n'kuyamba kuthandiza mlongo wake wamkulu, Subira, kugulitsa usipa pamsika wa Mangochi.

Subira sanapondeko m'kalasi. Usipa ankakulunga m'mapepala othothoka m'mabuku akale. Tsiku lina anapeza Sefu maso ali papepala, ogula akudikira. Anamukalipira, komabe kuyambira pamenepo mapepala a nkhani ankamusungira.

Mapepalawo analibe chiyambi kapena mathero. Anyamata a chipani akatseka msika pofuna makadi a umembala, awiriwo ankakhala pansi pa mtengo, Sefu n'kumawerenga mokweza. Subira ankamupanikiza: akulankhulayo ndani, wakwiyiranji? Sefu akayankha zopeka, iye ankati, “Iwe, loza pamene alemba zimenezo.”

Patatha zaka ziwiri Sefu analembanso mayeso, ndipo anakhoza. Anachita maphunziro a uphunzitsi, n'kutumizidwa kusekondale ina yakutali komwe ana makumi asanu ndi awiri ankalimbirana mabuku asanu. Sanadandaule. Anawagawa anawo m'magulu, ndipo gulu lililonse ankalipatsa tsamba limodzi ndi mafunso a Subira aja. Ana amene ankaopa mabuku anayamba kutsutsana naye, ndipo ambiri anakhoza.

Koma Subira anali atapempha chinthu chimodzi chokha: kuti nayenso aphunzitsidwe kuwerenga. Sefu anati adzamuphunzitsa akamaliza mayeso. Kenako anati akamaliza kozi ya uphunzitsi. Kenako anati patchuthi. Mphunzitsi wa ana a eni analibe nthawi ya mlongo wake, ndipo zimenezi zimandiwawa pozinena.

Mu 1989 anagula sileti ndi choko n'kukwera basi. Atafika ku Malindi anapeza anthu akuchokera kumanda. Subira anali atamwalira m'mawa pobereka, ndipo kwawoko ndi Asilamu, sagoneka maliro.

“Anandiphunzitsa kuwerenga munthu wosadziwa chilembo,” Sefu anauza ana ake a sukulu atabwerera. “Ine ndinalephera kumuphunzitsa ngakhale dzina lake.”

Choncho inu amene mwagwa, musataye mtima, dzukani ngati Sefu. Koma amene wakugwirani dzanja podzukapo musamuuze kuti mawa.