Dzanja Langa Silinavulale

A Mulinga, amene timagulitsa nawo nkhuku pa Njuli, anafalitsa bodza loti nkhuku zanga zili ndi chitopa. Makasitomala anandithawa mwezi wathunthu. Mpingo wathu utawadula a Mulinga chifukwa cha bodzalo, mtima wanga unakhala m'malo.

Ndiye Lamulungu lina abusa anawerenga mawu a aneneri, oti Mulungu akalanga anthu ake amawalandiranso. Pomwepo anaitana a Mulinga kutsogolo, akuti abwezeretsedwa mumpingo, tonse tikawagwire chanza. Miyezi itatu yokha! Ine sinditsitsa mtengo wa nkhuku ngakhale kwa apongozi, koma Mulungu kutsitsa chilango chotere munthu asananenerere n'komwe?

Ndili pamzere, ndinakulunga dzanja ndi kampango. "Pepani achimwene, ndadzicheka ndi mpeni."

M'mawa mwake a Mulinga anafika pamalo panga kumsika. "Khalani pansi inu, nkhukuzi ndikumangirani ndine." Anamanga tsiku lonse, anthu akuwayamikira, ine khale pambali, dzanja labwinobwino likutuluka thukuta m'kampango.

Poweruka analigwira mosamala n'kulipempherera kuti lichire msanga. Ndinayankha kuti ameni, uku ndikukukuta mano.