Msundu unakana magazi anu

Achemwali Esinta, ndine Maliya. Sindinazolowere kulemba, koma lero ndikufuna mumve. Ndabereka mwana wamkazi. Atangobadwa anamubaya jekiseni wa vitamini K, akuti kuti magazi ake aziundana bwino. Ndinalimba mtima n'kufunsa ngati mankhwalawo akadathandiza pa khansa ya m'magazi yomwe inakutengani. Anamwino anati madokotala akunja akuwayesabe pa matendawo, sanatsimikize. Ndinangoti zikomo.

Ndakumbukira tsiku lija tinkachoka kwa Nyachikadza kupita nanu kuchipatala. Bwato linatitimira m'matope dzuwa lili paliwombo, tonse n'kutsika kukakankha. Misundu inandimata miyendo yonse. Kwa inu unabwera umodzi wokha, unakwera mpaka pabondo, unaima, kenako unadzigwetsera m'madzi. Munaseka m'nkhama muli magazi, n'kunena kuti, "Waona, Maliya? Ngakhale msundu wandikana. Usawauze amayi." Munandigwira pamkono n'kuti mwana wanga woyamba mudzamunyamula ndinu, zivute zitani.

Achemwali, mwanayu wabadwa ndi zigamba zakuda pamsana, zonga zija zinkatuluka pathupi panu. Zakhala ngati malo a zala. Anamwino akuti ana ambiri amabadwa nazo ndipo zimatha zokha. Ndikuwakhulupirira, komabe ndimamuvundukula kawirikawiri kuona ngati zikukula. Ngati ndinu munamunyamula asanafike kwa ine, sindikukwiya, ndathokoza. Koma mwamuona, basi. Chonde musabwerenso kudzamutenga.