Dzina Limene Ndinamva pa Dishi ya a Mbewe

Ndikawakumbukira a Mbewe, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la fumbi lotentha losakanikirana ndi la polishi ya nsapato, fungo la kachipinda kawo kapamwamba penipeni pa nyumba imene tinkakhala ku Umm Ghuwailina, mumzinda wa Doha. Anali mlonda wa usiku pahotela ina, munthu wa ku Ntcheu, wamtali, wa imvi za m'mbali mokha. Poti masana ankakhala pakhomo, amayi anga akapita kuchipatala kumene anali namwino, ine ndikaweruka kusukulu ndinkafikira kwa iwowo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chibale panalibe, koma ndinkawatcha agogo.

Ife tinali ndi kebulo ya TV, ndipo amayi ankainyadira: chithunzi choyera, makatuni osatha, mphepo iwombe, fumbi lidze, iyo osagwedezeka. A Mbewe anali ndi dishi yaikulu yadzimbiri padenga, yomangidwa ndi mawaya nkupsinjidwa ndi njerwa, imene inkadukiza njiwa ikangoterapo.

"Bambo Mbewe, tayani chitsulocho," amayi ankawaseka. "Kebulo matchanelo ake ndi mbwee, komanso simukweranso padenga dzuwa lonseli."

"Matchanelo a eni ake amenewo, mayi a Tadala. Kebulo imakupatsa zimene akonza konkuno. Dishi yanga imamva kwathu. Khalas, nkhani yatha."

Zinali zoona. Dishiyo inkagwira wayilesi yakwathu, mawu okha, galasi la TV lili bii. Ndipo a Mbewe sankadikira nyimbo kapena mpira ayi, ankadikira mauthenga a maliro. Nthawi ikakwana ankazimitsa fani, kuika burashi ya nsapato pansi, kukhala njo pabedi, ndipo m'galasi lakudalo ndinkaona nkhope zathu ziwiri zikutiyang'ana eni akefe, kwinaku munthu wosaoneka akuwerenga mayina a omwalira mmodzimmodzi, mudzi wawo ndi tsiku loika. Thupi langa linkachita tsemwe ngakhale m'chipindamo munali motentha ngati mu uvuni.

Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Foni imanama, mdzukulu, chifukwa oyimbawo amakukonda. Amangoti onse ali bwino, kuopa kuti ungathawe kontrakiti. Mchimwene wanga ndinamumva atatha miyezi inayi m'manda. Wayilesi siindidziwa, ndiye siindimvera chisoni." Akazi awo, amene ankawatchula kuti Nangozo, anali akudwala nthawi imeneyo, ndipo a Mbewe analumbira kuti amenewo okha sadzawaika iwo kulibe.

Tsiku lina kunabwera mphepo yafumbi. Thambo linafiira ngati njerwa yowotcha, magalimoto nkuyatsa nyali masanasana, mchenga ukuwaza pazenera ngati wina akuuponya ndi dzanja. A Mbewe anali atatha masiku atatu akuyimba kumudzi, ana awo nkumangoti mayi agona. Mauthenga atangoyamba, mawu anayamba kudukaduka, kenaka zii. A Mbewe anamanga mpango kukamwa.

"Ndikaigwire dishiyo ndi manja. Iwe khala pompa, tchera khutu. Ukamva Ntcheu, sunga dzinalo."

Ndinatsala ndekha, nkhope yanga yokha m'galasimo. Pamwamba ndinkamva njerwa zikukhululuka. Mwadzidzidzi mawu anabwerera, omveka bwino kuposa masiku onse, ngati munthuyo waima kumbuyo kwanga: "Mayi Elube Mbewe, Nangozo, a m'boma la Ntcheu, atisiya dzulo. Mwambo woika m'manda udzakhala mkuja." Anapuma pang'ono, nkupitirira ku dzina lina.

A Mbewe anatsika ali mbuu ndi fumbi, maso ali psuu, chala chikutuluka magazi pamene waya anawacheka.

"Wamva chiyani?"

Ndinayang'ana chalacho. Mpaka lero sindidziwa amene anandiphunzitsa, koma pakamwa panga panayankha pokha. "Palibe, agogo. Za ku Karonga zokhazokha."

Anapuma mpweya wautali, kuseka pang'ono, kundipatsa siwiti, nkutolanso burashi yawo.

Amayi atabwera ndinawaululira ndikulira, ndikuyembekeza kuti athamangira pamwamba, poti ndege ya mawa lake ikanawafikitsa a Mbewe pamaliro. Sanadzidzimuke nkomwe. Anangovula nsapato nkunena kuti, "Tikudziwa. Ana awo anatiyimbira dzulo. Kontrakiti yatsala miyezi itatu, akanyamuka pano ntchito yatha, ndipo adzukulu aja adya chiyani? Tseka pakamwa, Tadala." Apa mpamene ndinazindikira kuti nyumba yonse inkadziwa: madalaivala amene ankawapatsa moni wansangala pamasitepe, ngakhale anzawo opemphera nawo. Chimenechi chinandiopsa kuposa mawu a m'galasi aja.

Miyezi itatu imeneyo ndinkakhalabe ndi a Mbewe masana alionse, tikumvera maliro a anthu ena. Tsiku lina anandionetsa nsalu yobiriwira imene anagulira Nangozo, nkundifunsa ngati mtunduwo ungawakhale. Ndinati uwakhala.

Anthu a m'nyumbamo anawauza za malirowo kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke. Sanalire pamaso pathu. Galimoto yowatengera ku bwalo la ndege itafika anatsanzika aliyense pomugwira dzanja, ndipo atafika pa ine anawerama mpaka maso athu analingana.

"Unamva, eti?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anandisisita pamutu nkunena kuti, "Wakula msanga, mdzukulu." Sindinawaonenso.

Pano ndimagwira ntchito ku Al Mirqab, konkuno ku Doha, ndili ndi nyumba yangayanga. Wolumikiza TV atandifunsa ngati ndikufuna dishi kapena kebulo, nkuyamba kundiwerengera ubwino wa chilichonse, ndinamudula pakamwa nkusankha kebulo, ndipo ndikuvomera kuti anali mantha. Amayi anabwerera kumudzi, akalamba tsopano. Ndikayimba foni, achibale nkunena kuti agona, ndimati adzutseni. Amadandaula kuti Doha yandichotsa ulemu. Adandaule. Ine sindidula foniyo mpaka nditamva mawu awo.