Malaya a Zigamba a Augustino Zuze

Amene anafikako pa msika wa Bangula Loweruka anamuonapo munthuyu. Ndi bambo wamfupi, wa imvi m'mbalimu, woimba ulimba, choimbira cha matabwa ndi zikho kunsi, pansi pa mtengo wa nimu, atavala malaya oti ngakhale wamisala angayambe wafunsa kaye asanawavale. Zigamba zokhazokha: chofiira apa, cha maluwa apo, china cha yunifolomu ya sukulu. Alendo amaseka. Ife akuno sitiseka, ndipo ena amavula chipewa.

Dzina lake ndi Augustino Zuze. Anabadwira tsidya la Mozambiki, n'kubwera kuno ali kumsana nthawi ya nkhondo. Ulimba anaphunzira kwa atsibweni ake, ndipo kwa zaka makumi awiri anali woimba ngati anzake onse, wa malaya oyera a kutchalitchi ndi thalauza lakuda. Luso anali nalo, koma ukafunsa m'mawa mwake kuti pa ukwati paja anaimba ndani, anthu ankangoti, "Ena ake aafupi."

Dennis, mwini kasitudiyo kojambula nyimbo pa Bangula, ndiye ankavutika nazo kwambiri.

"Achimwene, masiku ano anthu amamvera ndi maso," ankatero. "Pezani jekete yonyezimira ndi magalasi akuda, muone ngati angakuiwaleni."

Augustino anabwerekadi jekete, n'kuivala mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Pa nyimbo yachiwiri anatsala pang'ono kugwera pa ulimba. Anaibweza tsiku lomwelo, nkhani ya zovala n'kuthera pomwepo.

Iye ndi mkazi wake Priska anali ndi mwana mmodzi yekha, Vera, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pa Khirisimasi ina Priska anagula nsalu yachikasu ya nkhanga zobiriwira, n'kudulirana pakati ndi mwana wake. Mu Malichi namondwe anabwera. Madzi analowa m'mudzi m'mawa, anthu akuthawira kumtunda, ndipo Vera anabwerera kukamasula mbuzi, nsalu ija ili m'chiuno. Mbuzi zinafika. Vera sanafike.

Anamufuna milungu itatu m'mabango ndi m'matope. Maliro opanda mtembo sathetsa misozi, ndipo chimene chinkawadya awiriwa chinali chimodzi: mwana wawo wagona kuti?

Asodzi a m'mbali mwa Shire akapeza mtembo wa munthu wosamudziwa amauika pamtunda pomwepo, n'kusungako kansalu ka zimene anavala, kuti abale akadzafunsa adzazindikire. Koma mtsinjewu ndi wautali. Ufunse ndani, usiye ndani? Nzeru inachokera kwa Priska. Anatenga theka lake la nsalu ija, n'kulisokera kumsana kwa malaya oyera a kutchalitchi aja.

"Inu mumayenda m'misika," anauza mwamuna wake. "Poimba mumawerama, anthu amangoona msana wanu. Pakamwa pangatope kufunsa, koma msana sutopa."

Kuyambira pamenepo Augustino sanakanenso kuimba kulikonse. Ankamangirira ulimba panjinga, zikho zake zikugundana, n'kutsata madooko ndi misika mpaka kumalire. Akamufunsa za nsaluyo ankayankha mosabisa. Ndiye tsiku lina mayi wina anamudikira mpaka amalize, n'kumupatsa kansalu kofiira, nati mwamuna wake anapita ndi madzi atavala malaya a nsalu yomweyo. Kenako bambo wina anabwera ndi dzanja la yunifolomu. Priska ankasoka chilichonse, Augustino n'kuloweza dzina ndi mudzi. Pakati pa nyimbo ankasiya timitengo toimbira, n'kuyamba kuitana mayina aja limodzi limodzi, msika wonse uli zii.

Chaka choyamba chisanathe zigamba zitatu zinazindikiridwa, mabanja atatu n'kukaona manda a anthu awo. Ine zimenezi zimandizizwitsa mpaka lero, kuti malaya akhoza kugwira ntchito imene mabwato a injini anailephera.

Dennis atawaona anawomba m'manja. "Ndi zimene ndimanena zija izi, achimwene!" Anamujambula, kanemayo n'kuyenda m'mafoni mpaka m'mizinda, ndipo tsopano panalibenso amene ankati "ena ake aafupi." Dennis anafika poganiza zosoketsa malaya ena otero kuti achinyamata azivala.

"Angawathe kulemera kwake?" anafunsa Augustino.

Dennis sanaibwerezenso nkhaniyo.

Koma nsalu yachikasu ija inangokhala kumsana, ikusuluka ndi dzuwa ndi thukuta. Za anzake zinkachoka zikazindikiridwa, yake ayi. Priska anayamba kuopa kuti nkhanga zija zidzafufutika asanazione woyenera kuziona, ndipo ankawachapa malayawo kamodzikamodzi, n'kuwayanika pamthunzi.

Chaka chachitatu, masana ena pa dooko la ku Mbenje, anthu akuvina fumbi lili kobo, mkulu wina anaima kumbuyo kwa Augustino osagwedeza ngakhale phazi. Anali msodzi, dzina lake Sebastiano, wokhala pa kachilumba komwe foni siigwira. Nyimbo itatha anakhudza msana uja ndi chala.

"Baba, nkhanga izi ndili nazo kunyumba."

Augustino anatembenuka, n'kumufunsa kumene amakhala.

M'mawa mwake mkuluyo anawatenga pa bwato, iye ndi Priska. Kunyumba anatsegula chitini chosungiramo mbedza, n'kutulutsa kansalu kopindidwa bwino. Chikasu chake chinali chowala ngati chogula dzulo. Priska anakaika pamsana pa mwamuna wake, ndipo nkhanga ina imene inadulidwa pakati pogawana nsalu paja inakumana ndi mchira wake. Kenako Sebastiano anawalondolera pansi pa mgwalangwa, pa mtumbira wopaliridwa bwino, wozunguliridwa ndi miyala.

"Ndinamuika ngati wanga," anatero Sebastiano. "Ndimapalirapo chaka chilichonse. Ndinkadziwa kuti mwana wovala bwino chonchi ali ndi eni ake."

Augustino, munthu woloweza mayina makumi anayi, anangotha kunena mawu amodzi othokoza a Chisena cha amayi ake: "Takhuta." Analira mokweza, koma kunali kulira kwa munthu amene wafika.

Atabwerera kwawo Priska anakhala pakhonde, n'kusomola ulusi wa chigamba chachikasu chija pang'onopang'ono. Pansi pa chigambacho malaya anali akadali oyera mbee.

"Mwamupeza tsopano," anatero. "Muwavule, mupume?"

Augustino ankayang'ana kumpanda, kumene mayi wina wachilendo anaima, mapazi ali fumbi lokhalokha, atafumbata kansalu m'manja. Priska naye anamuona. Anausa moyo, n'kunyowetsa nsonga ya ulusi pakamwa, n'kuilowetsa mu singano.

"Fikani, mayi," anatero Augustino. "Dzina lake anali ndani?"