Ntchito ya Che Zubairu Yoiwala Zomwe Akudziwa

Che Zubairu anali kondakitala wa minibasi pakati pa Ulongwe ndi Balaka mpaka bondo linawakana. Munthu wolendewera pachitseko zaka zambiri amadziwa zinthu osauzidwa. Mayi akayamba kumangitsa chitenje ndiye kuti atsika posachedwa, safunika kunena. Nzeru imeneyi ndi imene inawavutitsa pa ntchito yatsopano.

Bungwe lina la alimi a thonje a ku Ngokwe linali litaika makina oyankha anthu pafoni, aja amati AI, ndipo linatsegula kaofesi kuseri kwa golosale pa Ulongwe. Che Zubairu anawatenga mongowayesa kaye kwa mwezi. Akakanika, ndiye kubwerera kukakhala pakhonde.

Woyang'anira anali Janeth, mtsikana wa ku Balaka wolankhula mothamanga. Anawafotokozera kuti makinawo ali ndi tizida take mkati: kofunsira mvula, kofunsira mtengo wa thonje, kotumizira uthenga. Kachida kalikonse kali ndi mizere ingapo yonena ntchito yake. Mlimi akapempha kanthu, makina amawerenga mizereyo basi, n'kusankha.

"Inu muziwerenga, muzindiuza ngati zamveka. Koma muziwerenga ngati simukudziwa kalikonse."

"Ngati chitsiru?"

"Iyayi. Ngati munthu wanzeru amene sanapondepo ku Machinga."

Che Zubairu anavomera ndi mutu. Munthu wotereyo anamufunafuna m'mutu mwawo, sanamupeze.

Anawerenga masabata awiri, ndipo chilichonse ankati chili bwino. Chinali bwinodi. Pomwe mizere yasiya, mutu wawo unkamalizitsa wokha.

Tsiku lina Janeth anawaonetsa tizida tiwiri tomwe iwo anatichonga kale. Kamodzi kanati: chimatumiza uthenga kwa mamembala. Kena kanati: chimalengeza kwa mamembala. Koyambako kankasunga mauthenga n'kuwatulutsa m'mawa mwake pamodzi ndi mitengo ya thonje. Kachiwiriko kankatumiza nthawi yomweyo. Onse mu ofesimo ankadziwa zimenezi, koma m'mizeremo munalibe.

Janeth analemba pa laputopu uthenga wongopeka: Amayi a Mohamedi atisiya, uzani anthu. Makina anasankha koyamba kaja.

"Ndiye anthu amva mawa," anatero Janeth.

"Mawa? Msilamu timamuika lero lomwe. Ikatha swala ya masana ku mzikiti, anthu ali kumanda."

"Ndiye mwaona."

"Koma ndani sadziwa kuti uthenga wa maliro sugona?"

"Mwina akudziwa. Chomwe sakudziwa n'chakuti kachida aka kamagoneka uthenga. Inu munati zamveka."

"Zinamveka kwa ine."

"Eya, ndilo vutolo, Che Zubairu."

Apa mutu unawazungulira. Kwawo konse munthu amadzudzulidwa chifukwa chosamva. Lero akuwadzudzula chifukwa chomva.

Janeth anati alembe okha mizere yabwino, aione mwezi usanathe. Che Zubairu anaganiza kuti ngati makinawo ndi mlendo, ndiye auzidwe zonse. Analemba za maliro a Chisilamu, za kusambitsa ndi nsanda, za achibale a ku Ntaja omwe amafunika nthawi yokwera kabaza, za mafoni omwe amakhala ndi bambo pomwe mayi ali kumunda. Anawonjezanso kuti Akhristu amatha kudikira wachibale wa ku Joni.

Janeth anayesa. Makina anasankha bwino pa maliro. Koma atalemba kuti msonkhano wa kalabu uliko sabata yamawa, makina anayamba ndi kupepesa anamfedwa.

"Mwawadzaza maliro m'mutu."

"Poyamba munati zachepa."

"Pano zachuluka."

"Nanga pakati pake ndi pati?"

Janeth anangoseka. Mwina nayenso samadziwa.

Tsiku lomaliza Che Zubairu anafika ali ndi mizere iwiri yokha, atafufuta zina zonse mokwiya. Pa koyamba: chimasunga uthenga mpaka mawa m'mawa, osachigwiritsa ntchito pa nkhani yosadikira. Pa kachiwiri: chimatumiza pompano kwa onse, monga pa maliro, matenda kapena moto. Mumtima ankaona kuti alemba zopanda ulemu, ngati akulankhula ndi mwana. Anali atakonzekera kale zokauza mkazi wawo, Fadila, ntchito ikawathera.

Janeth anayesa maliro, msonkhano, ng'ombe yosochera, mtengo wa thonje. Makina sanaphonye.

"Lolemba mubwere. Pali tizida tina tatsopano."

Che Zubairu anayang'ana mizere ija, kenako Janeth.

"Ndakhoza?"

"Mwakhoza."

"Pati?"

Janeth anali atanyamula kale foni yomwe imalira. Iwo anatsala akuwerenganso mizere yawo, chala chikuyenda pansi pa liwu lililonse, osapeza pomwe pasiyana ndi zomwe aliyense pa Ulongwe amadziwa kale.