Nsomba za azakhali ndi alangizi atatu a m'telefoni

Mundikhululukire, awerengi, kuti ine wophunzira sukulu ya kumudzi ku Angónia ndikulemba za makina anzeru. Si matama ayi. Nsomba ndi zimene zandituma.

Ndimakhala ku Matema kwa azakhali, amene amagulitsa nsomba za pende za ku Cahora Bassa. Lolemba masana konjeladori yawo yosungira nsomba inangoti zii, magetsi alipo. Mmisiri anati ali ku Moatize, abwera mawa. Mawa, ndi dzuwa la Tete lino? Azakhali anandiuza kuti ndifunse anzanga a m'telefoni aja, oyankha mafunso ngati anthu.

Ndili nawo atatu.

Woyamba ndi waulere, koma amakupimira mafunso ochepa patsiku. Ine ndinaleredwa kuti pakhomo pa eni suyamba ndi vuto. Ndinapereka moni, iye anafunsa mmene ndaswerera, ndinayankha, ndinathokoza, ndinapepesa pomusokoneza. Nditati ndinene za nsomba, anandiuza mwaulemu kuti mafunso a lero atha.

Wachiwiri ndi wotchipa komanso waliwiro, amayankha usanameze malovu. Anafunsa ngati mkati mukuzizirabe. Ndinatsegula. Anafunsa ngati nsomba zafewa. Ndinatsegulanso, n'kuzitobwanya imodzi imodzi. Atafunsa za fungo, ndinalowetsa mutu wonse.

Wachitatu ndi wodula, amadya kredito ya m'telefoni ngati mbuzi m'dimba, ndipo asanayankhe amalemba kuti akuganiza. Azakhali anasuzumira paphewa panga.

"Akuganiza chiyani? Nsombazi ndi zake?"

Yankho litafika linali lomveka bwino zedi. Linayamba ndi mawu akuti chivundikiro chisatsegulidwe ngakhale pang'ono, tifunditse bulangete, tikagule madzi oundana. Ndinawerenga mokweza. Azakhali anayang'ana chivundikiro chili yasa, kenako anayang'ana ine.

Masiku ano m'chapa, minibasi yathu ija, anyamata amakangana kuti mlangizi wopambana ndi uti, ngati akukamba za mpira. Ine sindilowerera, ndimachita manyazi. Koma mumtima ndimafunsa: wopambana pa chiyani? Akulu amati kuthamanga si kufika, ndipo sindingawatsutse. Nanga nzeru zofika nsomba zitafewa kale, tizidya ndi chiyani? Musanasankhe, yambani mwaona chimene chikusungunuka kwanu.

Sindikunyoza aliyense mwa atatuwo. Onse anandilankhula bwino.

Lolemba lomwelo azakhali anang'amba nsomba zonse, kuthira mchere, n'kuziyanika padenga. Ine anandikhazika pomwepo ndi nthambi m'manja, kuingitsa ntchentche ndi amphaka a m'dera lathu lonse, bairo yense wa Matema, malata akundiwotcha.

Nkhaniyi inatha Lachinayi lapitali, nsomba yomaliza itauma. Ndinatsika n'kufunsa, monong'ona, kuti pa atatu aja tizigwiritsa ntchito uti. Azakhali anati asankha kale.

"Iwe mwanawe. Ndiwe wochedwa, sudziwa kanthu, koma ndiwe waulere ndipo sutha."